Sabata yomwe ndathera kuuza anthu kuti ayambe adikira

Lolemba ndinafika ku ofesi n'kupeza alendo atakhala kale: bambo wina wachikulire, mwini kampani yopanga chakudya cha nkhuku ku Kanengo, ndi mwana wawo wamwamuna amene amasunga mabuku a ndalama. Kampani ina ya ku Zambia, yomwe eni ake enieni ali ku Mauritius, ikufuna kugula gawo lalikulu la bizinesi yawo. Mtengo anamvana kalekale, ndipo pepala loyamba anasainirana.

"Ife zonse tinamaliza, a loya," anatero bambowo. "Inu mungotilembera bwinobwino kuti ndalama zilowe mwezi uno usanathe."

Ndinati, "Bambo, mwamalizana awiri, koma pali wachitatu amene simunamufunse."

Wachitatuyo ndi bungwe loona za mpikisano pa malonda, ndipo pa nkhani ngati iyi mabungwewo alipo awiri, onse mu Lilongwe momwe muno. Lathu la dziko lino ndi Competition and Fair Trading Commission, mwachidule CFTC. Lamulo lake lakale la 1998 amalonda ambiri sankaliopa, makamaka Khoti Lalikulu litagamula mu 2023 kuti silinapatse bungweli mphamvu yolipiritsa chindapusa. Lamulo latsopano linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, ndipo linasintha zinthu: makampani ofika pa msinkhu woikika ayenera kupempha chilolezo asanaphatikizane, ndipo chindapusa chimatha kufika 10 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yalowetsa pa chaka. Osati phindu ayi, ndalama zonse zolowa. Mwana wawo uja atamva zimenezi anaika cholembera pansi.

Linalo ndi la COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndipo lili ku Kang'ombe House, pamtunda woti munthu n'kuyenda wapansi kuchokera ku ofesi kwathu. Anthu amadutsa panyumbayi tsiku ndi tsiku osadziwa kuti makampani a ku Cairo, Nairobi ndi Lusaka amatumiza mapepala awo kumeneko, chifukwa bungweli limayang'anira mayiko 21. Linayamba ntchito mu 2013. Kale lamulo lake linali loti mulidziwitse pasanathe masiku 30 mutaganiza zophatikizana, koma munkatha kupitiriza zanu uku mukudikira yankho. Kuchedwa kokhako kunali ndi mtengo wake: mu 2021 Helios Towers inalipitsidwa madola oposa 100,000 chifukwa chochedwa kunena za kugula kwake nsanja za mafoni kuno ku Malawi ndi ku Madagascar. Koma mu Disembala 2025 anakhazikitsa malamulo atsopano. Dzina la bungweli linasintha kuti lionetse kuti limatetezanso ogula, ndipo chachikulu n'chakuti tsopano simungamalize kugulana mpaka iwo atavomereza.

Bambowo anangoti, "Ndiye kampani ndi yanga, koma kugulitsa ndikapemphe?" Ndinavomera ndi mutu. Anatuluka osakondwa.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinathera pa masamu, poti funso loyamba ndi lakuti tigogode khomo liti. Ngati malondawo akukhudza mayiko awiri kapena kuposerapo a COMESA ndipo ndalama za makampaniwo zafika pa malire oikika, nkhani imapita ku Kang'ombe House. Pali pothawira pamodzi: ngati aliyense wa iwo amapeza magawo awiri mwa atatu a ndalama zake za m'chigawochi m'dziko limodzi lomwelo, nkhaniyo imatsala m'manja mwa bungwe la dzikolo. Ife sizinatithandize, poti wogulitsa amapezera ndalama zake kuno pomwe wogula amapezera kwina.

Kuwerengako sikophweka ngati mmene kumamvekera. Sitiwerenga kampani ya ku Zambia yokha, timawerenga banja lonse la makampani kuyambira kwa kholo lawo ku Mauritius. Mabuku ena ali m'madola, ena m'makwacha a ku Zambia, athu m'makwacha athu. Ndipo amene amakumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti akudziwa kuti kampani ikhoza kuoneka kuti yakula kwambiri m'makwacha pomwe m'madola yachepa. Ndinauza mnzanga wamng'ono amene tikugwira naye fayiloyi kuti pa nambala iliyonse azilemba pambali mtengo wa dola womwe wagwiritsa ntchito ndi komwe wautenga, chifukwa adzatifunsa ndithu.

Mapepala a ku Mauritius atafika tinaonamo kuti gululi lili ndi nthambi ku Kenya ndi ku Uganda. Mayiko awiriwa ali mu COMESA, komanso ali mu East African Community, mgwirizano wa mayiko a kum'mawa kwa Africa, ndipo bungwe la mpikisano la kumeneko linayamba kulandira nkhani zophatikizana mu Novembala 2025. Ndinalembera maloya anzathu a ku Nairobi kuti atiuze ngati khomo limenelonso likutikhudza. Gululi lilinso ndi nkhokwe ku Tete, koma Mozambique sali mu COMESA, ali ndi bungwe lakelake. Apa ndi pomwe ndimadandaula. Malonda amodzi omwewo, munthu n'kufunsa m'makomo atatu, khomo lililonse ndi mafomu ake, masiku ake ndi malipiro ake, ndipo a ku COMESA amawerengedwa m'madola, omwe tonse tikudziwa mmene akusowera m'mabanki. Kampani yaikulu sizimva kuwawa. Bizinesi yabanja ngati ya ku Kanengo imamva. Mu 2023 atsogoleri a mu Africa anavomereza pangano la mpikisano pansi pa AfCFTA, mgwirizano wa malonda wa Africa yonse, ndipo ine pemphero langa n'lakuti lidzachepetse makomowa, lisadzaonjezere lina.

Lachitatu madzulo mwana wa bambo aja anaimba foni. Ogulawo akufuna kutumiza munthu wawo kuti ayambe kukhala ku Kanengo, akufunanso mndandanda wa makasitomala ndi mtengo umene aliyense amagulira. Ananenanso kuti popeza soya wakwera, bwanji onse awiri akweze mtengo wa thumba tsiku limodzi, poti kampani ya ku Zambia imagulitsanso chakudya chake ku Mchinji ndi ku Kasungu.

"Achimwene, musayerekeze," ndinatero. "Mpaka chilolezo chituluke, inu ndi iwo ndinu opikisana."

Iye anaona ngati ndikukokomeza, poti ndi anthu oti mawa lomweli akhala amodzi. Ndinamuuza kuti zimenezo n'chimodzimodzi kulowana ankhoswe asanakumane: anthu akhoza kukondana zenizeni, koma mlandu ukabuka palibe wokuimirirani. Ndipo taganizani, bungwe likakana malondawa, wopikisana nanu watsala ndi mayina a makasitomala anu onse ndi mitengo yawo. Tinagwirizana kuti zimene ogula akufunikiradi kuona zizipita kwa maloya ndi owerengera ndalama okha, mayina atafufutidwa. Za kukweza mtengo limodzi ndinamuuza kuti asayankhe n'komwe pa WhatsApp, tiyankha ife polemba kalata yokana.

Ngakhale ndimadandaula za makomo ambiriwo, lamulo lodikirali ndimaligwirizana nalo. Amene ali ndi nkhuku zochepa kuseri kwa nyumba ku Area 25 amadziwa kuti ndalama zambiri zimathera ku chakudya. Mlimi wa soya ku Mchinji amagulitsa kwa ogula akuluakulu owerengeka. Awiri mwa iwo akakhala mmodzi, mlimi amatsala ndi kochepa kokagulitsa, woweta amatsala ndi kochepa kokagula, ndipo onsewa sakhalapo pa tebulo pomwe mabwana akusainirana. Kulekanitsa makampani ataphatikiza kale antchito, makina ndi ngongole n'kosatheka kwenikweni, choncho kuli bwino afunsidwe zisanachitike.

Lachinayi ndinapumirako pa fayilo ina. Kampani yogawa zakumwa inatumiza pangano lomwe yapatsidwa ndi opanga a kunja. Ndime ina ikuti wogawayo asagulitse kwa aliyense wochokera kutsidya kwa Mchinji, ngakhale wogulayo atabwera yekha ndi galimoto lake. Ina ikumuuza mtengo woti azigulitsira. Ndime zoterezi zadzaza m'mapangano akale ndipo anthu amangokopera. Bungwe la COMESA lakhala likuzifufuza m'makampani a mowa kuyambira 2021, ndipo mu 2025 Heineken inalipira madola 900,000 pothetsa nkhani yake. Ndinazilemba mzere wofiira zonse ziwiri n'kubweza.

Lachisanu magetsi anazima m'mawa wonse, jenereta ikulira pansi pa zenera, ine ndikuwerenga zolemba za misonkhano ya akuluakulu a kampani yogula. Bungwe limafuna kuona zikalata zotere kuti lidziwe chimene anthu ankaganiza posankha kugula. Pa tsamba lina wina analemba mosabisa kuti akatenga kampani ya ku Kanengo, nkhondo ya mitengo m'chigawo chapakati cha Malawi itha. Loya wa ogulawo anandiimbira kuchokera ku Lusaka kufunsa ngati tsambalo lingatsale. Ndinamuuza kuti dzina langa silikhala pa fomu yobisa chikalata, ndipo kupereka uthenga wosocheretsa ndi mlandu pawokha. Tsambalo lipita. Chimene tatsala nacho n'kukonzekera kuti bungwe likhoza kuvomereza ndi mfundo zina zoti ogula atsatire, mwina zokhudza mitengo kapena alimi a soya, ndipo Lolemba tikumana pa intaneti kuti timve zimene iwo angalole.