Galimoto yaliwiro muzikaiona m'mamawa injini isanatenthe

Mwezi wa Julayi chaka chatha alamu anga, amene amagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Luchenza kukaona galimoto imene inawatenga mtima. Inali galimoto ya injini ya V6 (ya masilinda asanu ndi imodzi), yoyera mbee, ya matayala otambalala, ndipo inali itadutsa kale m'manja mwa anthu awiri chilowereni m'dziko muno. Tinafika cha m'ma 2 koloko masana, ndipo dobadoba amene ankaitsatsa anatilandira galimotoyo ikulira kale, kulira kwake kosalala koti munthu sungapezepo chonena. Alamu anga anayamba kupapasa m'thumba, koma ine nditagwira boneti n'kumva kuti yatentha ngati chiwaya, ndinawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti, "Alamu, ndalamazo ziyambe zagona, tibwerenso mawa m'mamawa ndi amakaniko."

Chimene ndinkaopa chili pamwamba pa injini, pamene pali mavalavu olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi. Mavalavuwa amatsekulidwa ndi chitsulo chozungulira chotchedwa camshaft, ndipo m'mainjini akale nthawi yotsekulira inali imodzimodzi, kaya galimoto ikukwawa pamsika wa Bvumbwe kaya ikuthamanga mumsewu wa Midima. Mainjini amakono amasintha nthawi imeneyi galimoto ili mkati moyenda, ndipo n'chifukwa chake injini yosakula kwenikweni imatha kukoka bwino pachitunda, kuthamanga pamalo oongoka, komanso osamwa petulo mopitirira. Kampani iliyonse inapatsa luso limeneli dzina lake. Honda inatulutsa VTEC mu 1989, BMW inabwera ndi VANOS mu 1992, Toyota imati VVT-i, Subaru imati AVCS, pamene Mitsubishi imati MIVEC. Kapangidwe kake kamasiyana, makamaka VTEC imene imasinthanso kukula kwa mpata umene valavu imatsekuka, koma zonsezi zimadalira chinthu chimodzi, chomwe ndi oyilo wa mu injini. Pa mainjini ambiri otere, kompyuta ya galimoto imatumiza magetsi ku kachipangizo kotchedwa solenoid, kachipangizoko kamatsekulira oyilo njira, ndipo oyiloyo amalowa mwamphamvu m'tizipinda ta m'kati mwa giya ya kumutu kwa camshaft n'kuipotoza pang'ono kupita kutsogolo kapena kumbuyo. Njira zimene oyiloyo amadutsamo n'zazing'ono kwambiri, ndipo zina zili ndi kasefa kosaposa nsonga ya chala.

M'mawa mwake kunagwa chiperoni, minda ya tiyi yonse itakutidwa ndi nkhungu. Tinanyamula bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza magalimoto kwa zaka zambiri pafupi ndi boma, ndipo tinafika ku Luchenza 6 koloko isanakwane, dobadoba uja asanadzuke n'komwe. Atatuluka ndi makiyi, amakaniko anayamba aika dzanja pa injini kuti atsimikize kuti yazizira, kenako anauza alamu anga kuti, "Lizani, achimwene, koma musaponde moto." Injini itangolira panamveka phokoso lakuti khotchokhotcho, ngati wina akugwedeza miyala m'chitini, kwa masekondi awiri okha, kenako zii, kulira kosalala kwa dzulo kuja n'kubwerera. Dobadoba anaseka n'kunena kuti galimoto iliyonse imatero kukazizira. Amakaniko sanamuyankhe, anangotsekula chotsekera oyilo n'kuunikamo ndi tochi ya pafoni, ndipo tonse tinaona zinthu zakuda bii zitamatirira m'kati ngati phala lopserera pansi pa mphika.

Tanthauzo la phokoso lija amakaniko anatifotokozera pambuyo pake tili panjira. Injini ikazima, oyilo amatsika kuchoka m'giya muja, ndipo pali kapini kamene kamayenera kuloka giyayo kuti isagwedezeke kufikira oyilo atakweranso. Kapiniko kakatha kapena kakamatidwa ndi litsiro, giya imagogoda yokha m'masekondi oyambirira, ndipo oyilo akangodzaza phokoso limatha, osamvekanso mpaka injini idzazizire kwa maola angapo. Wogulitsa wochenjera amazidziwa zimenezi, ndiye amakulandirani galimoto itatenthetsedwa kale. Ena amathiramo oyilo wolimba wa 20W-50 kuti aphimbe phokoso la injini yotopa, pamene mainjini ambiri a mtundu umenewu anawapangira oyilo wopyapyala monga 5W-30. Kunena zoona, pa mainjini amakonowa khalidwe lothira oyilo wolimba m'galimoto iliyonse limachedwetsa oyilo kufika kumene akufunika m'mawa wozizira ngati wa kwathu kuno. Onjezanipo fumbi la m'misewu ya m'minda, oyilo wogula m'zigubu zopanda dzina, ndi chizolowezi chosintha oyilo pokhapokha ndalama ikapezeka, ndiye muona chifukwa chake galimoto imene inachoka ku Japan ili bwinobwino imayamba kugogoda itangokhala zaka zochepa kuno.

Sitinalekere pomwepo. Amakaniko anazimitsa injini, n'kupotoza kiyi pang'ono kuti aone ngati getsi la check engine, lochenjeza za vuto la injini, likuyaka pa dashibodi, chifukwa getsi limeneli liyenera kuyaka injini isanalire n'kuzima ikalira, ndipo likapanda kuyaka n'komwe ndiye kuti wina analichotsa kapena analimata. Kenako analumikiza pansi pa chiwongolero kakompyuta kawo kowerengera manambala amene kompyuta ya galimoto imasunga ikapeza vuto. Manambala amene munthu ayenera kuchita nawo mantha pa nkhani imeneyi ndi monga P0011 ndi P0012, amene amasonyeza kuti camshaft yatsogola kapena yatsalira kuposa mmene kompyuta yalamulira, ndiponso P0016, imene imasonyeza kuti camshaft ndi crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazunguza) sizikugwirizana, zomwe nthawi zambiri zimaloza ku kutamuka kwa tcheni cholumikiza ziwirizi. Galimoto ija inalibe nambala iliyonse, koma kakompyutako kanaonetsa kuti zoyezera zingapo za injini zinali zisanamalize kudziyesa, chizindikiro chakuti manambala anali atafufutidwa posachedwa kapena batire inali itachotsedwa. Tinaiyendetsa kukwera zitunda za kulowera ku boma, ndipo tisanabwerere getsi lija linayaka lokha.

Mtengo wokonzera vutoli umadalira pamene lafika, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Ngati ndi kasefa kongotsekeka kapena solenoid yomata, ntchito yake ndi ya tsiku limodzi: kutsuka kapena kusintha kachipangizoko, kuthira oyilo woyenera ndi fyuluta yatsopano. Ngati giya yeniyeniyo yatha, ndiye kuti injini itsekulidwe pamwamba, tcheni chimasulidwe, ndipo pobwezera chilichonse chikhale pa chizindikiro chake, chifukwa pa mainjini ambiri otere kuphonya kwambiri zizindikirozo kumachititsa kuti pisitoni igunde valavu. Apa mpamene galimoto yaliwiro imasiyanirana ndi kagalimoto ka tsiku ndi tsiku. Toyota Mark X, imene anyamata ambiri amailakalaka ndipo inayamba kupangidwa mu 2004, ili ndi injini ya V6 yokhala ndi ma camshaft anayi, lililonse ndi giya yake ndi solenoid yake, kutanthauza kuti chimene mukanagula chimodzi mukhoza kuchigula kanayi. Ma BMW akale a VANOS amadziwika ndi timphira ta m'kati timene timauma ndi kutentha, galimoto n'kumafooka ponyamuka; timphirato sitidula kwambiri, koma munthu wodziwa kutiika ndi zida zake ndiye wosowa. Pa ma Subaru ena a turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) pali kasefa kobisika m'kati mwa bauti imene oyilo amadutsamo, ndipo kakatsekeka kangathe kupha ndi turbo yomwe.

Masipeya amenewa simungawapeze pa Luchenza kapena pa Chitakale. Mumayamba mwazungulira m'mashopu a ku Limbe, ndipo zikakanika mumaitanitsa ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan, kumene mtengo wake amauwerengera m'ndalama zakunja, ndiye chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kachitsulo kokwana m'dzanja kamatha kudya malipiro a mwezi. Ambiri amathawira ku masipeya ochotsa m'mainjini akale, koma giya ya kaunjika simungaiyeze ndi maso, ndipo ikagogodanso mumalipira amakaniko kachiwiri.

Tili pamthunzi, amakaniko anawerengera alamu anga papepala zonse zofunika, kuphatikizapo kutsika pansi kukatsuka sefa ya pampu ya oyilo chifukwa cha phala lija, ndipo anawauza kuti achotse ndalama imeneyo pamtengo wa galimoto. Dobadoba anaimbira foni mwini wake, mwini wake anakana kutsitsa, ndipo ife tinakwera minibasi kubwerera ku boma, alamu anga ali duu njira yonse. Patatha milungu itatu tinaiona galimoto ija ikudutsa pa Bvumbwe, mnyamata wina ali pachiwongolero, magalasi atatsitsa, nyimbo zili pamwamba.