Mwana wachikasu pansi pa nyali ya buluu

Tatuluka m'chipatala momwe khanda lathu linagonekedwa ndi chikasu, mwana ali bwino, koma tsiku lathunthu linapita pachabe chifukwa cha kapepala ka kulabu. Chikasu cha khanda sachiyeza ndi maso okha, makamaka pakhungu lathu lakudali. Amayeza m'magazi kuchuluka kwa bilirubin, chinthu chomwe chimachititsa khungu kukhala lachikasu. Ife anatiuza kuti makina alibe mankhwala oyezera, tikayezetse kwina. Tinalipira ku labu ya pulayiveti m'tauni, zotsatira n'kutuluka madzulo adokotala atazungulira kale muwodi. Ndalama yapita, mwana osayamba chithandizo! Ndiye inu funsani m'mamawa ngati labu ikugwira ntchito, mufunsenso ngati angayambe kumuunika ndi nyali yochizira chikasu podikira zotsatira. Mwana amene wachita chikasu tsiku lomwe wabadwa, kapena chafika m'zikhatho ndi kumapazi, sadikirira pepala.

Nyaliyo ntchito yake si kufunditsa mwana. Ndi kuwala kwa buluu, kwa pakati pa 460 ndi 490 nm (muyeso wosonyeza mtundu wa kuwala), komwe kumalowa pakhungu n'kusintha bilirubin kuti ithe kutuluka ndi chimbudzi komanso mkodzo popanda kudalira chiwindi chomwe sichinakhwime. N'chifukwa chake amagona wosavala, thewera lokha, laling'ono. Agogo akamufunditsa chitenje poti kunja kuli chiperoni, nyali ikungounikira chitenjecho. Mukamuona ngati wazizidwa itanani anesi amuyeze, kutentha kwa thupi kukhale pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5.

Maso amawaphimba, koma kansaluko kamatsetsereka n'kutseka mphuno, muzikayang'ana pafupipafupi, usiku womwe. Osamudzoza mafuta kapena Vaseline. Chimbudzi chamadzimadzi chobiriwira chisakuopseni, ndi mmene zimakhalira.

Muyamwitseni pakatha maola 2 kapena 3 alionse, kosachepera ka 8 pa tsiku, ngakhale akhale m'tulo mumudzutse. Osayamwa mokwanira, chimbudzi chimachepa, bilirubin n'kubwereranso m'magazi kuchokera m'matumbo. Akakhuta mubwezereni pansi pa nyali msanga, osayamba kucheza naye pamiyendo.

Ndinaiwala za labu ija: akazimitsa nyali, bilirubin imatha kukweranso, choncho amayezanso pakatha maola 12 mpaka 24. Apanso funsani m'mamawa, musadikire kuuzidwa masana. Nyali zakale zamachubu nazo zimafooka ngakhale zikuoneka zowala bwinobwino, za LED zimakhalitsa. Chikasu chikapanda kutsika, kufunsa za nyaliyo si mwano.

Abale ochokera ku Ndirande kapena ku Bangwe akabwera kudzazonda, wina sangalephere kunena kuti "mungomuothetsa dzuwa la m'mawa, ife tinkatero". Ayi ndithu. Dzuwa limapsereza khungu la khanda, limamutha madzi m'thupi, ndipo palibe akudziwa kuti bilirubin yafika pati. Ikakwera kwambiri imalowa mu ubongo, mwana n'kukhala wosamva kapena wolumala moyo wake wonse.

Kunyumba mukaona akukana bere, akungogona, akulira mokuwa kapena akupinda msana chagada, pezani galimoto nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku.