Tai chi pa tebulo la Dungeons & Dragons: kaimidwe si nkhonya

Ambiri akafuna kupanga wankhondo wa tai chi (luso la ku China la ndewu) mu Dungeons & Dragons, sewero la pa tebulo la nkhani ndi madayisi, amatenga mitundu 24 ya kaimidwe imene inakonzedwa ku Beijing mu 1956, uliwonse n'kuupatsa dayisi yake yovulazira: kaimidwe ka dan bian 1d8 (dayisi imodzi ya mbali 8), ka yun shou 1d6 (ya mbali 6), mpaka mndandanda kutha. Mapeto ake amakhala ndi wankhonya wamba amene wangovala mayina okongola. Kaimidwe kamangosonyeza pamene thupi lathera. Ndewu yeniyeni ili pa kusuntha kwa pakati, ndipo kusunthako kumadalira chimene mdani wayamba kuchita.

Poyambira pabwino ndi njira zisanu ndi zitatu zogwiritsira ntchito mphamvu, zimene aphunzitsi a tai chi amati peng, lü, ji, an, cai, lie, zhou ndi kao. Zinayi zoyambazo zimabwera motsatizana mu lan que wei, umodzi wa mitundu 24 ija. Pa peng mkono umapindika kutsogolo kwa chifuwa n'kulandira mphamvu ya mdani osafooka. Pa lü umatembenuza chiuno, kulemera kwa thupi kukubwerera pa mwendo wakumbuyo, n'kuuperekeza mkono wa mdani komwe umapita kale; amapepesuka ngati munthu wotsamira chitseko chimene wina watsekula mwadzidzidzi. Ji ndi kupanikiza, chikhatho china chikuthandizira mkati mwa mkono unzake. An ndi kukankha ndi manja onse awiri.

Mtima wa zonsezi ndi lü, ndipo m'malamulo a seweroli a 2014 malo ake ndi pa reaction, kuyankha kumene wosewera amachita ngakhale pa nthawi ya mdani. Ilembeni motere: mdani amene ali pa mtunda wa kabokosi kamodzi pa mapu, mafiti 5, akamenya n'kuphonya, monk (wankhondo wa manja m'seweroli) alipire pointi imodzi ya ki (mphamvu imene amalipira nayo maluso ake), mdaniyo aponye Dexterity save, dayisi yodzipulumutsira ndi changu cha thupi. Nambala yoti aifike ikhale ya nthawi zonse ya monk, 8 kuphatikiza bonasi ya proficiency (luso la pa levulo yake) ndi ya Wisdom (nzeru). Monk wa levulo 3 wokhala ndi Wisdom 16 ali ndi +2 ndi +3, choncho amafika 13. Goblin, kamdani kakang'ono, ali ndi +2 pa Dexterity, ndiye ayenera kuponya 11 kapena kuposa pa d20 (dayisi ya mbali 20), theka ndi theka. Akalephera asunthidwe kabokosi kamodzi kumbali, ndipo womumenya woyamba akhale ndi advantage, kuponya d20 kawiri n'kutenga nambala yaikulu. Musaichepetse mphoto imeneyi, chifukwa advantage imakweza mwayi wa 50 pa 100 kufika pa 75. Wisdom ndiyoyenera pano kuposa Strength (nyonga), popeza luso limene limaphunzitsidwa pa tui shou, pamene awiri amakankhana manja atagundana, ndi ting jin, kumva ndi khungu komwe mnzako akulowera.

Chovuta chimaonekera msanga. Reaction ndi imodzi pa raundi, ndipo lü imadikira kuti mdani aphonye. A goblin atatu akamuzinga, monk amayankha mmodzi, awiriwo akumusasantha. Ena amathamangira kuonjezera ma reaction, koma tebulo limaima, aliyense akudikira munthu mmodzi amalize kuponya dayisi pa nthawi ya anzake. Ine ndikuona kuti mankhwala ake ndi peng. Ikhale bonus action (chochita chapadera pa nthawi yake) yopatsa +2 pa AC (nambala imene mdani ayenera kufika kuti ammenye) mpaka nthawi yake yosewera ikwanenso, ndipo ithe ngati wayenda kupyola kabokosi kamodzi. Pa d20, +2 ndi 10 pa 100. Adani amaphonya kawirikawiriko, lü n'kupeza polowera.

Kulemera kwa thupi n'kumene anthu amaiwala, chikhalirecho n'kosavuta kukuika pa tebulo. Pa kaimidwe ka gong bu pafupifupi magawo 70 pa 100 amakhala pa mwendo wakutsogolo, pa ka xu bu pafupifupi konse kumakhala kumbuyo. Ikani ndalama yachitsulo pambali pa pepala la wosewera: mbali ina kutsogolo, inayo kumbuyo. Peng imasiya ndalama kutsogolo. Lü imafuna kutsogolo n'kuitembenuzira kumbuyo. Ji ndi an zimafuna kumbuyo n'kuibwezera kutsogolo. Motero wosewera sangachite an kawiri motsatizana, ngakhale ji ndi an, osabwerera kaye, ndipo umu ndi momwe lan que wei imayendera pa thupi lenileni. Kubwerera popanda lü kumudyere theka la mayendedwe ake.

An ikankhe mafiti 10 basi mdani akalephera save, ndipo igwire kokha mdani amene lü yamupepesula kale. Way of the Open Hand, njira ya monk imene ilimo kale m'malamulo, imakankha mafiti 15, ndiye mukaipyola palibe adzaisankhenso. Samalaninso ndi kukula kwa mdani. Mawu akale a tai chi akuti ma liang anayi (kulemera kochepa) amapatutsa ma jin chikwi (kulemera kwakukulu) amanyengerera anthu kuchotsa malire, kenaka chinjoka chimaponyedwa kuphompho pa raundi yoyamba, woyendetsa sewero kukamwa yasa. Lamulo la shove, kukankha wamba, limalola mdani wokuposa ndi saizi imodzi yokha. An itsate lomwelo. Pa zimphona, lü ipereke advantage koma isazisunthe.

Njira zinayi zotsalazo sizifuna zambiri. Cai ndi kukokera mdani kabokosi kamodzi. Zhou ndi kao, chigongono ndi phewa, zigwire monk akagwidwa pa grapple. Lie, yokhotetsa mkono mbali ziwiri zotsutsana, isiyeni, chifukwa seweroli lilibe malamulo a mfundo za mafupa ndipo mukayamba kuwalemba simumaliza. Oponya mivi nawonso musawakonzere lamulo latsopano, Deflect Missiles, luso la monk lopatutsa mivi, ilipo kale pa levulo 3.

Poyesa, ikani monk mmodzi ndi a goblin atatu pa mapu opanda phompho, n'kuwerenga dayisi zoponyedwa pa raundi iliyonse chifukwa cha malamulo atsopanowa. Zikapyola ziwiri, chotsani save pa an, kukankhako kuzingochitika nkhonya ikalowa.