Zikomo abale anga a ku Chipata, ndabwerera pa chiwongolero

Lachiwiri lapitali ndinaimitsa tanka pa Luangwa Bridge kuti ndigule nsomba zouma. Potsika ndinangoona misozi ikugwera pa ovolosi. Mayi wogulitsa nsomba anati, "Bambo, ndi utsi wa mbaula umenewo?" Ndinangovomera kuti eya. Zoona zake n'zakuti panali patapita zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndisanagwire chiwongolero cha galimoto yaikulu.

Amene mumandidziwa mukukumbuka kuti ndinkatenga mafuta ku Ndola kubwera nawo kuno. Kumeneko ndiko kunali Indeni, fakitale yathu yoyenga mafuta, imene inayamba ntchito mu 1973, boma litagwirizana ndi kampani ya ku Italy ya Agip. Mafuta osayenga ankachokera ku Dar es Salaam mu paipi ya TAZAMA, makilomita 1,710. Bambo anga malemu ankakonda kufotokoza kuti paipiyo anaimanga a Kaunda ndi a Nyerere, n'kuitsegula mu 1968, chifukwa Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia, atalengeza ufulu wa dzikolo popanda chilolezo cha Britain, njira ya kum'mwera inavuta. Ine ndinkaona ngati zinthu zotero sizitha. Usiku tikamadikira pamzere wopakira, tinkaona lawi la moto pamwamba pa chumuni, ife tikuphika nsima pa kastovu kutali ndi matanka.

Kumapeto kwa 2021 boma linaimitsa ntchito yoyenga ku Indeni, ndipo pofika 2023 paipi ija inayamba kubweretsa dizilo woyengayenga kale. Maulendo athu a ku Ndola anachepa. Kakampani kathu kanali ndi matanka ochepa, basi kanagulidwa ndi kampani ina yaikulu. Kugulana kwa makampani sikunali kwachilendo kwa ife. BP inasanduka Puma, Kobil inasanduka Rubis, ife tinkangoona chikwangwani cha pa filling station chasintha, mafuta tikutsitsa m'dzenje lomwelo. Ulendo uno zinafika pakhomo panga. Pamsonkhano anatiuza kuti palibe amene achotsedwe. Patapita miyezi itatu ndinalandira kalata mu envulopu ya khaki, yonena kuti madalaivala achuluka kuposa magalimoto.

Woyamba kumuthokoza ndi amake Chisomo. Tsiku limene ndinabwera ndi kalatayo sanalire, anangoipinda n'kuiika m'Baibulo. M'mawa mwake anali atabwereka beseni, ndipo kuyambira pamenepo ankadzuka 4 koloko kukazinga vitumbuwa, kenako ulendo ku msika wa Kapata ndi tomato pamutu. Manja ake ali ndi zipsera za mafuta otentha mpaka lero. Panali masiku amene ine ndinkangokhala pakhonde osayankhula, kukwiya ndi ana popanda chifukwa, iye osandibwezera mawu. Amake mwana, pamaso pa anthu onsewa ndikupepesa, komanso ndikuthokoza.

A malume a ku Katete, munandipatsa munda ndi ng'ombe ziwiri zolimira osafunsa kuti ndidzabweza liti. Soya wa chaka choyamba ndi amene analipira mayeso a Giredi 12 a Chisomo. Chaka cha chilala chija cha 2024 tinakolola matumba osakwana n'komwe, koma munagawana nafe chimanga cha m'nkhokwe yanu.

Ndisaiwale anyamata a njinga pa siteshoni. Munthu amene ndinkayendetsa malita zikwizikwi a petulo, ndinapezeka ndikupalasa njinga kunyamula anthu ndi matumba a makala. Sabata yoyamba munandiseka, munkandiitana kuti "a Tanka", koma ndinu munandiphunzitsa kumata chubu ndi kudziwa makasitomala amene salipira. Dzinalo ndalikonda, musalisiye.

Anzanga a chilimba cha madalaivala, munandilumphitsa pamzere kuti ndilandire ine poyamba, ndikakonzenso layisensi ndi mapepala onyamulira katundu woopsa zisanathe mphamvu. Pakanapanda zimenezo, foni ya ntchitoyi ikanandipeza ndilibe chogwira. Amayi a chigwirizano ku tchalitchi kwathu, nkhuku ija munabweretsa pa Khirisimasi tinaidya masiku atatu.

Amene ndili nawo ngongole, ndalemba mayina onse m'kabuku kofiira. Malipiro akayamba ndiyambira kwa a shopu ya pakona amene ankatikongoza sopo ndi mchere. Ntchito yatsopanoyi ndi ya ku Beira, kudzera pa Chanida, ndiye ndizidutsa pa Katete kawirikawiri. A malume, uzani a zakhali asunge nkhwani wotendera, Lachisanu ndiima pamsewu ndi hutala.