Sabata imene ndinakonza mawu a achinyamata a magemu

Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mawu mu situdiyo ina yaing'ono mumzinda wa Blantyre, ndipo masabata ambiri zimene zimadutsa m'makutu mwanga ndi zotsatsa malonda za pa wailesi, maulaliki, komanso mauthenga a mabungwe onena za katemera kapena feteleza. Choncho pamene abwana anandiuza Lolemba m'mawa kuti kukubwera achinyamata atatu amene akufuna kuyambitsa podcast (pulogalamu ya mawu yomvera kudzera pa intaneti) ya m'Chichewa yokamba za magemu, ndinavomera mwaulemu monga ndimachitira ndi ntchito ina iliyonse, koma mtima unandigunda mwachilendo. Abwanawo sadziwa kuti kwa zaka zambiri ma podcast a magemu ndiwo anali anzanga a m'minibasi ndiponso a usiku magetsi akazima.

Anafika cha m'ma 10 koloko, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi. Wamkulu pa onsewo, amenenso anadzisankha kukhala wotsogolera pulogalamuyo, ali ndi kashopu ku Ndirande kumene ana amalipira kuti asewere mpira pa PlayStation, gemu imene aliyense kuno amaitchulabe kuti FIFA ngakhale kuti eni ake anaisintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023. Mnzakeyo amasewera PUBG Mobile ndi Call of Duty Mobile pa foni, pamene mtsikanayo, amene akuphunzira za makompyuta, anangopereka moni n'kukhala pa mpando wa kumapeto. Ndinapatsa aliyense maikolofoni yake yolowa mu mzere wakewake pa makina ojambulira mawu a Zoom H6, ndinawapempha kuti akhale chete kwa theka la mphindi kuti ndijambule phokoso la chipinda chopanda wolankhula, kenaka ndinawasiya kuti ayambe. Analankhula kwa ola limodzi ndi mphindi 50, ndipo chapakati magetsi anazima moti tinamalizira pa jenereta.

Lachiwiri ndinayamba ndi zosavuta. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo waya wina akakhala wosalongosoka kung'ung'udza kwake kumalowa m'mawu ojambulidwa, limodzi ndi timaphokoso tina tobadwa kwa iko ta pa 100 Hz ndi 150 Hz, koma zimenezi zimachoka munthu akadziwa pomwe zabisala. Chimene chinandiimitsa chinali chithunzi cha mizere itatu ija pa kompyuta. Mzere wa wotsogolera unali wodzaza kuyambira poyamba mpaka pomaliza ngati khoma la njerwa, wa mnzakeyo unali ndi timadontho ta kuseka ndi kuvomereza, pamene wa mtsikana unali wosalala ngati msewu wa tala. Nditawerengera ndinapeza kuti pa mphindi 110 zonsezo iye sanalankhule zokwana 10. Ndipo pamene ndinkalemba tsiku pa dzina la fayiloyo, mawu akuti Lachiwiri anandikumbutsa munthu amene kwa zaka zisanu ankayamba pulogalamu yake popereka moni kwa aliyense ndi kulengeza mokondwa kuti lero ndi Lachiwiri, ngati kuti wabweretsa nkhani yaikulu.

Munthuyo anali Ryan Davis, wotsogolera Giant Bombcast, podcast ya magemu ya gulu la Giant Bomb la ku California, ndipo kwa ine pulogalamuyo inali ya Lachitatu, chifukwa California ili m'mbuyo mwathu ndi maola 9 kapena 10 malinga ndi nyengo, moti iwo akamaiika pa intaneti ife timakhala tagona. Mu 2009 ndinali pa koleji, ndipo Lachitatu lililonse ndinkapita ku intaneti kafe ndi fulashi m'thumba, n'kukhala ndikuyang'ana kamzere kakukwawa pang'onopang'ono kwinaku ndikupemphera kuti intaneti isaduke fayilo isanathe, pakuti ikaduka ndalama yapita ndipo uyambirenso. Ndikafika kunyumba ndinkaisamutsira mu memori khadi ya foni, ndipo maola awiri kapena atatu amenewo ndinkawadya pang'onopang'ono sabata yonse, monga mmene munthu amasungira ndiwo za nyama. Ndiulule pano chimene ndinkachita nacho manyazi nthawi imeneyo: sindinakhalepo ndi Xbox 360 kapena PlayStation 3, ndipo magemu ambiri amene anthuwa ankakangana za iwo sindinawaonepo ndi maso. Ndinkadziwa mayina a abwana a makampani a ku Japan ndi ku America kuposa mmene ndinkadziwira mabatani a makinawo.

Gulu limeneli linabadwa pa mkangano, ndipo ndikukhulupirira kuti chimenecho chinali mbali ya chikoka chake. Mu November 2007, Jeff Gerstmann anachotsedwa ntchito ku GameSpot, tsamba la pa intaneti la nkhani za magemu, atangolemba ndemanga yosayamikira gemu yotchedwa Kane & Lynch: Dead Men, imene malonda ake anali atadzaza pa tsambalo, ndipo anzake angapo, kuphatikizapo Davis, Brad Shoemaker ndi Vinny Caravella, anachokanso n'kukakumana naye pa tsamba latsopano la Giant Bomb mu 2008. Womvera aliyense ankadziwa kuti anthuwa analipirapo mtengo chifukwa chonena zimene akuganiza, kotero Gerstmann akanena kuti gemu ina ndi yosasangalatsa, sunkafunsa kuti wamutuma ndani. Kudzera mwa iwo ndinapezanso ma podcast a tsamba lina la magemu lotchedwa 1UP: 1UP Yours, imene inkatsogoleredwa ndi Garnett Lee, komanso GFW Radio ya Jeff Green ndi Shawn Elliott, imene ndinaidziwa itatha kale mu 2008, moti ndinkaseka nthabwala za anthu amene anali atabalalika kalekale. Mu January 2009 kampani ya UGO inagula 1UP, antchito ambiri anachotsedwa, ndipo magazini ya Electronic Gaming Monthly inatsekedwa. Kuyambira pachiyambi, ndinaphunzira kukonda mapulogalamuwa ndikudziwa kuti sakhalitsa.

Lachitatu la sabata ya achinyamata ija, pa nthawi ya nkhomaliro, ndinafukula pulogalamu imodzi yakale ya Bombcast mu hadi diraivi yanga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaimvera ndi makutu a ntchito osati a mnyamata wopukwa. Mawu ake sanali oyera monga ndinkakumbukirira, ndipo pali malo amene ndikanawabweza akanakhala kuti abwera pa tebulo langa. Koma chimene chinandidabwitsa n'chakuti Davis, amene m'maganizo mwanga anali mwini phokoso lonse, sankalankhula kwambiri kuposa anzake. Ankafunsa mmodzimmodzi zimene wasewera sabata imeneyo, ndipo funso lake lachiwiri nthawi zonse linkachokera mu yankho limene wangolandira, osati pa pepala. Nkhani ikasochera n'kupita ku zakudya kapena ku zakumwa zachilendo zimene omvera ankawatumizira kuti alawe, iye ankaisiya kuti iyende mpaka itafika pokoma, kenaka n'kuikokera ku magemu ndi chiganizo chimodzi, wina asanayambe kutopa. Shoemaker, amene amalankhula modekha, akayamba kufotokoza chinthu, Davis ankamutchingira kuti ena asamudule mawu. Kuseka kwake kunali kwa munthu amene nthabwalayo yamupezadi mosayembekezera, ndipo zimenezi sizingatheke ngati mnzako akulankhula iwe uli kalikiliki kukonza zimene unene.

Davis anamwalira mu July 2013 ali ndi zaka 34, patangopita masiku ochepa chikwatirireni. Ndinawerenga uthengawo pa foni ndili pa ntchito yanga yoyamba, ndipo ndinakhala tsiku lonse ndili khuma popanda womuuza, chifukwa kwathu kuno ukanena kuti waferedwa anthu amafunsa kuti maliro ali kuti ndipo ndi ndani wako. Ndikanayankha chiyani? Panalibe siwa yoti ndikagone, panalibe woti ndimupepese, koma mawu amene ndinkayenda nawo kuchokera ku Limbe mpaka m'tauni sabata ndi sabata anali atazima.

Masana a Lachitatu lija ndinalakwitsa ntchito, ndipo kulakwako kunali kwanga ndekha. Pofuna kupulumutsa pulogalamu ya achinyamata aja, ndinaigwira ndi dzanja limene ndimagwirira zotsatsa malonda, kumene sekondi iliyonse ili ndi mtengo. Ndinadula kupuma konse, ndinachotsa "eee" ndi "ndiye kuti" aliyense, ndinafupikitsa kuseka, ndinataya chigawo chonse cha nthawi imene tinkadikira jenereta, mpaka zonse zinakwana mphindi 45 zoyera bwino. Ndinapita kunyumba ndikudziyamikira.

Lachinayi m'mawa nditaimveranso ndinapeza kuti ndapha chinthu chimene chinali ndi moyo pang'ono. Zimene zinatsala zinali mnyamata mmodzi akuwerenga nkhani za mitengo ya PlayStation 5 ndi masiku otulukira magemu, zimene anakopera pa intaneti, mothamanga ngati wolengeza za maliro pa wailesi amene nthawi yamuthera. Ndinabwerera ku fayilo yoyamba kuti ndione zimene ndinataya, ndipo m'chigawo cha jenereta chija, pamene iwo ankaganiza kuti makina aima pomwe Zoom inali ikujambulabe pa mabatire, ndinapeza mphindi zinayi zimene zinali zoposa zina zonse. Mtsikana uja ankafotokoza mmene ali wamng'ono ankabera laputopu ya achimwene ake iwo akapita ku mpira, n'kutsegula Grand Theft Auto: San Andreas, ndipo popeza Chingelezi cha m'gemumo chinkamupitirira ndiponso ankaopa kuti akaphwanya galimoto achimwene akewo adzazindikira, ankangoyendetsa bwinobwino m'misewu, kuima pa maloboti ofiira ndi kupatsa njira anthu oyenda pansi, m'gemu imene anzake onse ankaikondera chipolowe. Wotsogolera uja, pepala lake lili pansi, anafunsa modabwa kuti, "Ndiye achemwali, apolisi aja sanakuthamangitsenipo ngakhale kamodzi?" Atafunsa anakhala chete kudikira yankho, ndipo kuseka kumene kunatsatira kunali koyamba m'pulogalamu yonseyo kumene sikunali kokakamiza. Mnyamatayu luso ali nalo, koma limatuluka pokhapokha akaiwala kuti ndi wotsogolera.

Ndinayambiranso ntchito yonse. Ndinabwezera kupuma kumene kunali ndi tanthauzo, ndinasiya malo amene awiri analankhulira pamodzi chifukwa cha chidwi, ndinaika nkhani ya laputopu ija pafupi ndi poyambira, ndipo nkhani zokopera pa intaneti ndinazisiyira mphindi zisanu zokha. Ndinapezanso malo ena amene wotsogolerayo anatchula mongodutsa za ana a ku shopu kwake amene amasonkherana ndalama kuti asewere gemu imodzi anthu anayi, aliyense theka la theka, ndi mmene wogonja amanamizira kuti padi yosewerera ndi yakufa, ndipo ndinalemba pambali kuti nkhani ngati zimenezi ndizo ayenera kubwera nazo.

Ndisanamize kuti zakale zonse zinali zabwino, pakuti kupukwa kumasankha zoti kukumbuke. Mapulogalamu aja nthawi zambiri anali a amuna okhaokha, ankatalika mopanda chifundo, nthabwala zina sizingamveke bwino lero, ndipo dziko limene ankalikamba linkathera ku America, ku Ulaya ndi ku Japan. Anthu akenso sanasowe: Caravella, Shoemaker ndi Alex Navarro anachoka ku Giant Bomb mu 2021 n'kuyambitsa gulu lawo la Nextlander, ndipo Gerstmann anachoka mu 2022 n'kuyamba pulogalamu yakeyake. Ndikhoza kuwamvera lero lomwe pa foni popanda kudikira kamzere ka mu kafe, koma kawirikawiri sinditero, ndipo ndikuganiza kuti mbali ina ya chimene ndimachisowa ndi mnyamata uja amene anali ndi maola atatu opanda womufunsa. Komabe zimene ndinamva Lachitatu lija sizinali za m'maganizo mwanga chabe, chifukwa zinkaoneka ngakhale pa mizere ya pa kompyuta, pamene mawu a anthu anayi ankasinthana mipata ngati anthu odyera mbale imodzi.

Lachisanu masana atatuwo anabwera kudzamvera. Wotsogolera sanakondwe poyamba, ndipo anandifunsa kuti, "Achimwene, nanga nkhani zanga zija mwazipititsa kuti? Ndinagona mochedwa pozikonza." Ndinamuyankha kuti aliyense amene ali ndi bandulo akhoza kuziwerenga yekha zisanafike n'komwe pa pulogalamu yawo, koma palibe munthu ku California kapena ku London amene angafotokoze zimene zimachitika mu shopu ya ku Ndirande Loweruka masana. Anakhala chete, ndipo sindinganene kuti anagwirizana nazo kwathunthu, koma titafika pa nkhani ya maloboti anasekanso ngati akuimva koyamba, kwinaku mtsikana uja atabisa nkhope m'manja. Tinagwirizana kuti ndibwezere nkhani ziwiri mwa zimene ndinadula, ndipo ndinatero.

Ndinakweza mawu onse kufika pa -16 LUFS, mulingo wa kukwera kwa mawu umene ma podcast ambiri amatsata, kenaka ndinatulutsa MP3 ya mono pa 64 kbps, kuti mphindi 62 zikwane pafupifupi 30 MB, pokumbukira kuti womvera wawo adzayamba wayang'ana bandulo yake asanadine. Atandifunsa tsiku labwino lotulutsira pulogalamuyo ndinatchula Lachiwiri osapereka chifukwa, koma mtsikanayo anati tsiku limenelo amakhala m'kalasi mpaka madzulo, choncho anasankha Lachinayi. Abweranso Lolemba kudzajambula gawo lachiwiri. Ndisanatseke situdiyo ndinasuntha maikolofoni ya mtsikanayo kuchoka kumapeto n'kuiika pa mpando wa pakati, kenaka ndinatsegula uthenga wa feteleza umene abwana akuufuna Lolemba lomwelo isanakwane 8 koloko.