Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mmera woyera wa ku Thondwe

Gawo lathali ndinalekezera pamene ndinkayamba chaka chachitatu ku Chanco. Koma lero ndiyambe ndabwerera kaye kumunda kwa amayi ku Thondwe.

Ndili mwana, mvula yobzalira ikagwa, pamzere wina pankatuluka chimanga choyera mbee ngati pepala. Ndinkachikonda kwabasi, mpaka ndinkazika kamtengo pambali pake kuti opalira asachidule. Amayi ankangoti, "Iwe, chimenecho sichikula." Zoonadi, chikafika masamba atatu chinkafota. Chakudya cha m'njere chikatha, chinalibe chlorophyll, yobiriwitsa masamba ija, yoti chipangire chake.

Ndiye tsiku lina ku Chirunga, komwe kuli Chanco, aphunzitsi athu a genetics (phunziro la chibadwa cha zamoyo) anatipatsa nkhani ya mu 1991 yoti tikawerenge. Gulu la Hans Kössel ku Freiburg, ku Germany, linkafufuza ma chloroplast, timatumba tobiriwira ta m'tsamba momwe mbewu imaphikira shuga ndi dzuwa, madzi ndi mpweya. Timatumbati tili ndi DNA yakeyake, momwe mwalembedwa malangizo a chibadwa. Mbewu imene ankafufuzayo? Chimanga! Mtima wanga unagunda, ndikunena zoona.

Anapeza kuti jini (kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni) yotchedwa rpl2 imayamba ndi zilembo ACG, pamene poyambira kupanga puloteni pamafunika AUG. Koma atawerenga RNA, yomwe ndi uthenga wokopedwa ku jiniyo, anapeza AUG. Kutanthauza kuti uthenga ukakopedwa, china chake chimabwera n'kusintha C kukhala U, DNA osaikhudza.

Nkhaniyi inandisowetsa tulo, ndipo ndinakhalira mulaibulale sabata yonse. Okonzawo ndi mapuloteni otchedwa PPR. Malangizo owapangira ali mu nucleus, likulu la selo, koma mapuloteniwo akapangidwa amalowa mu chloroplast. Ali ngati mkanda: mbali zobwerezabwereza, iliyonse ya ma amino acid (tizidutswa tomangira puloteni) pafupifupi 35, ndipo iliyonse imagwira chilembo chimodzi cha RNA, motsatana, kufikira pafupi ndi C wofunika kukonzedwayo. Kumchira kwa ambiri kuli kachigawo ka DYW kokhala ndi zinc, kamene kamachotsa kagulu ka amino pa C uja, n'kusanduka U. Wokonza woyamba kudziwika, CRR4, anamupeza ku Japan mu 2005 m'kachomera ka Arabidopsis. M'zomera zamaluwa, malo okonzedwa chonchi mu chloroplast amakhala cha m'ma 30 mpaka 40. Ochepa, inde, koma ena akaphonyeka tsamba silibiriwira bwino.

Disembala ndinapita kumudzi. Tikupalira, ndinawafotokozera amayi zonsezi. Anatsamira khasu n'kumvetsera.

"Ndiye choyera chija chimalephera kukonza kalata yake?"

"Zifukwa n'zambiri amayi, koma chimodzi chikhoza kukhala chimenecho."

Mawa lake m'mamawa anandidzutsa okha. "Tiye, ndachiona china kumunsi kwa chulu."

Ndinachizula ndi mizu yomwe, n'kuchipanikiza pakati pa nyuzipepala monga anatiphunzitsira ku herbarium, kosungira zomera zouma. Ndi chimene ndinanyamula popita kukapempha mutu wa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza. Za ulendo umenewo ndidzakuuzani m'gawo 15.