Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chimene abakha anatha

M'gawo lapitali ndinasiyira pamene ndinabwerera kumudzi kwathu, kufupi ndi Ngabu, nditalemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 2015. Chaka chimenecho madzi osefukira a mu Januwale anali atakokolola minda yambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Chaka chotsatira mavuto anabwera amtundu wina. Mvula inadula mbewu zisanakhwime, dzuwa la kuchigwa linaswa mtengo, ndipo mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala.

Ife tinapulumutsako mapira pang'ono, chimanga chosadzaza ngolo, ndi mtedza wa pakamunda ka amayi. Mtedzawo tinaukumba dothi litauma gwa, khasu likungodzutsa fumbi, makoko ambiri n'kumasweka pansi pomwepo. Poswa, amayi ankawaza madzi pamakoko kuti afewe, zala zisatupe. Aliyense kwathu ankatero.

Ndimawaonabe amayi atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, malichero awiri patsogolo pawo. Lichero lina linali la mtedza wonenepa, wopita kwa mavenda pamsika. Linalo linali lathu: wonyala, wosweka, wina wakuda, wina wokhala ndi kaufa kobiriwira mkati. Umenewu ankasinja nsinjiro zothira m'phala la mwana wa achemwali anga, amene anali asanakwanitse chaka. Zotsalira ankasakaniza ndi madeya n'kupatsa tiana ta abakha.

Tiabakhato tinalipo 14. Tinayamba kukana chakudya, kuyenda mopepesuka, kenako kumafa tiwiritiwiri. Sabata isanathe tinatsala titatu. Anthu ankati ndi chitopa, koma nkhuku zinkangoyendayenda pabwalo zili bwinobwino.

Alangizi a zaulimi atadutsa pa njinga yawo, amayi anawaimitsa.

"Mayi, mumatipatsa chiyani tiabakhati?" anafunsa.

Amayi anabweretsa lichero lija. Alangizi anatola njere imodzi, kuiswa ndi chikhadabo, n'kuinunkhiza.

"Ichi ndi chuku, mayi. Nanga anthu pakhomo pano mukudya mtedza uti?"

Amayi sanayankhe. Anangoyang'ana mdzukulu wawo amene anali kumsana kwa achemwali.

Zimene alangizi anafotokoza tsiku limenelo ndinadzaziwerenganso patapita zaka, nditapeza foni ya intaneti. Chuku chimenechi dzina lake ndi Aspergillus flavus, ndipo kwawo ndi m'dothi momwemo. Chimakonda malo otentha ndi ouma ngati kwathu kuno. Mtedza ukasowa madzi masabata omaliza usanakhwime umafooka, makoko amang'aluka, chuku n'kulowa. Mphepo ikamaulutsa fumbi imanyamulanso njere zake zosaoneka ndi maso, n'kukazisiya pazisononkho za chimanga zimene mbozi zaboola. Ndiye ukawaza madzi pamakoko kapena kuika mbewu m'thumba isanaume, wachipatsa chimene chimafuna. Poizoni wake, aflatoxin, satha ndi moto wa pamafuwa. Kaya ukazinge, kaya uphike, amakhalamobe.

Anadziwika koyamba chifukwa cha mbalame zoweta. Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Tiana ta abakha ndiye sitichedwa naye n'komwe. Kwa anthu amawononga chiwindi. Mu 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Koma nthawi zambiri sapha msanga. Amalowa pang'onopang'ono, mwana n'kumapinimbira, wamkulu n'kudzadwala khansa ya chiwindi patsogolo, makamaka ngati ali kale ndi matenda a chiwindi otchedwa Hepatitis B.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti amayi sankachita zimenezi mosasamala. Ankasankha mtedza maola ambiri, msana ukuwawa, kuti apeze ya sopo ndi yachigayo. Wabwino unkapita kwa anthu osawadziwa, woipa n'kutsalira mwana amene ankamukonda kuposa aliyense. Palibe anali atawauzapo.

Alangizi atamaliza, amayi anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye tikataya umenewu, tidya chiyani, bambo?"

Alangizi anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Gulitsani wochepa, mayi. Mwanayu adye wa lichero linalo."

Madzulo ake amayi anandituma kukumba dzenje kuseri kwa khola la mbuzi. Anakhuthuliramo lichero lonse lija ndi manja awo, ine n'kukwirira. Kenako anamasula thumba la kumsika, anatapamo ndowa imodzi yodzaza n'kukaiika kuchipinda kwawo. M'mawa mwake ndinamanga thumba lotsalalo panjinga, ulendo wa ku Ngabu. Ndalama zimene ndinabwera nazo sizinakwane kulipira ngongole ya kugolosale, ndipo n'chimene chinandichititsa kupita ku Nchalo kukafuna ganyu yodula nzimbe. Za kumeneko ndidzakamba m'gawo lotsatira.